Mayi Amene Ankagulitsa Dzuwa

Mayi Lucyna ankagulitsa dzuwa, ine ndinkasoka madiresi, ndipo pakati pa masitolo athu panali khoma lopyapyala moti wina akatsokomola mnzake ankati pepani. Tinakhala choncho zaka zoposa makumi awiri pa msewu wa kumsika, m'tauni yathu yaing'ono kufupi ndi Łódź. Ndiye ngati pali munthu woyenera kusimba za moyo wawo ndine, Wanda telala, ngakhale eni ake atamva angandiuze kuti ndizisamala za masingano anga.

Tonse awiri tinachokera ku fakitale ya nsalu. Itatsekedwa, amuna ambiri anayamba kukhalira mowa, akazife tinagwira chilichonse chimene chinali pafupi ndi dzanja. Ine ndinagwira makina osokera. Mayi Lucyna, amene amuna awo anapita ku Germany kukagwira ntchito n'kuiwala njira yobwerera, anakagula komweko mabedi awiri akale a nyale, aja munthu amagonamo n'kudzivundikira kuti khungu lidere ngati wachokera kunyanja. Pagalasi la sitolo anapentapo dzuwa lachikasu, pansi pake n'kulemba kuti Solariyamu.

Musawaweruze msanga. Nthawi imeneyo ankadziwa ndani? Kwathu kuno dzuwa limatithawa mu Novembala, kubwerera kwake mpaka Malichi, ndipo pofika Januwale aliyense amakhala ali mbuu ngati mbatatesi yosenda. Munthu woderako ankaoneka wathanzi, wopeza bwino, woti anapondako kunja. Komanso iwo ali mwana, achipatala ankawakhazika pansi pa nyale pamodzi ndi ana anzawo, atavala timagalasi takuda, ati kuti mafupa alimbe. Choncho ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akugulitsa mankhwala.

"Kuwala ndi thanzi, mayi Wanda," ankatero ataima pakhomo panga ndi kapu ya tiyi wa ndimu. "Inu khalani mumdimamo ndi nsalu zanu, tidzakupezani mutamera bowa."

"Bola bowa kusiyana n'kuwotchedwa ngati soseji," ndinkawayankha.

Ine sindinagonemo n'kamodzi komwe, koma musati zinali nzeru. Ndimangoopa malo otsekeka, komanso ndine woumira.

Nyengo yathu yokolola inali Januwale. Ana a sekondale amene akukonzekera mayeso omaliza amakhala ndi dansi yawo yaikulu, ija ya masiku zana mayeso asanafike. Atsikana ankabwera kwa ine kudzayesa diresi, akatuluka n'kulowa khomo linalo. Mtsikana kupita ku dansi imeneyo ali mbuu? Bola kupita wopanda nsapato. Amayi awo enieni ndi amene ankawagwira dzanja kuwaperekeza, ndipo ine ndinkasoka tsiku lonse ndikumva mabedi aja akulirima kuseri kwa khoma.

Mayi Lucyna anali ndi mwana mmodzi yekha, Edyta. Anabadwa ndi tsitsi lofiirira, khungu loyera ngati mkaka, ndi timadontho tofiira pamphuno ndi m'mapewa. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anabwera kuchokera kusukulu akulira, anyamata atamuseka kuti ndi mzukwa umene ntchentche zinauipitsira kumaso. Mayi akewo magazi anawira. "Pukuta misozi, tiona amene aziseka mawa," anatero, n'kumugoneka m'bedi lija ndi manja awo.

Khungu lotere silidera msanga. Limayamba lapsa, kufiira psuu, kenako kusupuka. Mayi Lucyna ankamupaka mafuta n'kumamuuza kuti poyamba zimatero basi. Kuyambira pamenepo, bedi likangokhala lopanda kasitomala, Edyta ankalowamo, poti kwa iye kunali kwaulere. Timadontho tija tinabisika, anyamata anasiya kuseka n'kuyamba kuzungulira pakhomo. Mayi ake ankanyadira poyera. "Ine sindifuna chikwangwani, chikwangwani changa ndi mwanayu."

Diresi la dansi yake ndinasoka ndine: lakuda, lalitali, kumsana lotseguka mpaka m'chiuno. Anakongola, zimenezo sindingakane. Anamujambula atatembenuka, akuyang'ana chocheuka, msana wonse uli woderako ngati buledi wongophula kumene, ndipo chithunzicho anachikoloweka pamwamba pa kauntala m'sitolo ya mayi ake. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi Artur, mnyamata womanga nyumba, kenako kunabadwa Kinga.

Zaka zinapita. Tsiku lina Edyta anandibweretsera diresi loti ndisinthe zipi, akuti ikumukanda mpaka kutuluka magazi. Vuto silinali zipi. Pansi pa phewa lakumanzere panali kadontho kakuda kamene kanakula, m'mbali mwake mosalingana, pamwamba pali kankhanambo. Anapita kuchipatala ku Łódź, anakadula, koma anati kanali katalowa kale pansi. Khansa ya pakhungu. Ambirife tinali tisanamvepo kuti khungu lingaphe munthu.

Zimene zinachitika m'chipinda cha dokotala, mayi Lucyna anandiuza kamodzi kokha, ndipo sanazibwerezenso. Dokotalayo anali mtsikana wofatsa. Anafunsa ngati Edyta ankagona m'mabedi a nyale, ndipo anayamba ali ndi zaka zingati. Anayankha ndi mayi ake. Dokotala analemba, osanena kanthu.

"Akanandilalatira bola," anandiuza. "Ndikanamubwezera."

Matenda anafika m'mapapo, kenako m'chiwindi. Edyta anamwalira Kinga ali ndi zaka khumi. Diresi lomuveka m'bokosi ndinasokanso ndine, lotseka mpaka m'khosi, ndipo ndinalisoka ndikulira mokweza ngati mwana. Artur sanapirire, anapita ku Norway kukamanga nyumba za eni, mwana n'kumusiyira agogo ake.

Tauni yonse inkadziwa kuti solariyamu ija yatha basi. Koma maliro atangotha, m'mawa wina ndikudula nsalu, ndinamva kulirima kuja kuseri kwa khoma. Ndinaponya sizasi patebulo n'kulowa kwawo osagogoda.

"Mayi Lucyna, mwayatsa?"

"Nanga tidye chiyani ine ndi mwanayu?"

"Musandinamize ine. Mungathe kupenta anthu zikhadabo ngati akazi ena onse."

"Ndi za m'magazi," anatero akupukuta kauntala imene inali yoyera kale. "Apongozi anga aamuna anamwalira ndi khansa."

"Ya m'mimba, ali nkhalamba yopanda mano."

Anasiya kupukuta n'kundiyang'ana m'maso. "Ndikatseka ndiye kuti ndavomera. Mukufuna ndivomere chiyani, mayi Wanda? Nenani, ndikumva."

Pakamwa ndili napo, tauni yonse ikudziwa, koma tsiku limenelo ndinangotembenuka n'kutuluka. Ndinabwerera ku makina anga. Tinatha mwezi osapatsana moni, kenako tsiku lina anabwera ndi tiyi ndipo ndinamwa.

Sitolo inakhalabe yotsegula, koma mwini wake sanalinso yemwe uja. Iwo eni sanagonemonso, moti anayera n'kuoneka okalamba. Kukabwera mtsikana wa tsitsi lofiira ankamuuza kuti bedi lawonongeka, pamene wina ali mkati likulirima. Kinga ankamupaka mafuta oteteza ku dzuwa mpaka mwana kumaterera, chipewa kumutu ngakhale kuli mitambo, ndipo kuseri kwa kauntala sankaloledwa kupondako. Pa tsiku la oyera mtima onse, pamene tonse timakayatsa makandulo kumanda, manda a Edyta ankawala kuposa ena onse. M'mawa mwake mayi Lucyna ankadzukanso n'kukayatsa mabedi. Ine zinkandinyansa, komanso zinkandimvetsa chisoni, ndipo sindinkadziwa kuti chachikulu n'chiti.

Kenako kunabwera lamulo lakuti mwana wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu asamalowetsedwe m'mabedi amenewa, ndiponso kuti pakhoma pazikhala chikwangwani chochenjeza za khansa. Mayi Lucyna anadandaula msewu wonse kuti boma likulowerera m'nkhani za eni, koma ine ndinaona kuti mumtima anapumako. Tsopano anali ndi chowauza atsikana m'malo mwa bodza la bedi lowonongeka. Chikwangwanicho anachipachika ndithu, koma pakona, kuseri kwa duwa lalikulu la mumphika, kutali ndi chithunzi cha Edyta.

Januwale amene ndikufuna kukusimbirani, Kinga anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mnyamata wina wa kalasi lomaliza, dzina lake Damian, anamupempha kuti akhale mnzake wovina naye ku dansi ija. Kinga anakafukula diresi lakuda la mayi ake m'kabati, ndipo masana ena, kunja chipale chofewa chikugwa, anabwera nalo kwa ine kuti ndilichepetse. Agogo ake anamutsatira, nkhope ili gwa. Mtsikana analowa kuseri kwa katani kukavala, ndipo analankhula ali komweko, mwina chifukwa kunali kosavuta kusiyana n'kuyang'anizana.

"Agogo, diresi ili silikhala pa munthu wa mbuu ngati ine. Mundilole ndigoneko kangapo chabe dansi isanafike."

"Lamulo silikulola."

"Lamulo lidzaona bwanji? Makiyi si muli nawo inu?"

"Ndati lamulo silikulola, Kinga. Zaka sizinakwane."

"Chabwino. Ndiye mu Epulo zikakwana mudzandilola?"

Mayi Lucyna anayang'ana pansi, chikwama atachikumbatira pamimba.

"Ndikufunsa, agogo."

Ndinalowerera, poti kukhala chete si khalidwe langa. "Iwe, kusukulu sakuphunzitsani zimenezi? Ndinamva kuti kumabwera namwino."

"Anabwera, azakhali, ndi zithunzi zake zonyansazo. Atsikana ena anachita mantha, moti awiri anati sadzapitanso. Koma ine ndinawauza kuti amangotiopseza." Mawu ake anali a munthu wonyadira. "Ndinati agogo anga amadziwa za mabedi amenewa kuposa namwino aliyense. Mwana wawo anamwalira ndi khansa ya pakhungu. Zikanakhala kuti mabedi ndi amene amachititsa, iwo akanapitiriza kugulitsa? Onse anavomereza kuti n'zoona."

Ndinali ndi mapini kukamwa, ndipo ndinawachotsa limodzilimodzi kuopa kuwameza. Sindinathe kuwayang'ana anzanga aja. Zaka zonsezi ankaganiza kuti sitolo yotsegula ija ikungotonthoza mtima wawo wokha. Sankadziwa kuti mdzukulu wawo akuitenga ngati umboni, n'kumakautula kwa ana a eni kusukulu.

"Mukakana ndipita ku solariyamu ya kuseri kwa depoti ya mabasi," Kinga anapitiriza. "Kumene kuja safunsa chiphaso. Ine ndikungofuna ndioneke ngati amayi pachithunzi chija. Aliyense amati sindinawatengere. Kamodzi kokha ndifanane nawo, n'kulakwa?"

Anakoka katani n'kutuluka, kenako anatembenuka kuti ndione pochepetsa. Tsitsi anali atalinyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi. Msana wonse unali pamtunda kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, woyera ngati mkaka, m'mapewa muli timadontho tofiira tambirimbiri.

Chikwama cha mayi Lucyna chinagwa pansi. Anaimirira pang'onopang'ono, anafika kumbuyo kwa mwanayo, n'kuika dzanja lawo pansi pa phewa lakumanzere. Kinga anadzidzimuka.

"Agogo, manja anu akuzizira."

"Usatembenuke," anatero. "Ukatembenuka sinditha kunena. Amene amati sunatengere mayi ako sanawaone mayi ako. Msana uwu ndi wa Edyta. Timadontho iti ndi take, ndinkatiwerenga pomusambitsa. Anabadwa chonchi, ndipo anali wokongola chonchi."

"Koma pachithunzi paja..."

"Mtundu uli pachithunzi uja si wa mayi ako. Ndi wanga, ndinamupaka ndine. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, anabwera akulira kuti anyamata amuseka. M'malo mokawakoka makutu anyamatawo, ndinamugoneka m'bedi. Ankapsa, ankasupuka, ine n'kumati limba mtima. Zaka ndi zaka, mwanawe. Kadontho kanatulukira apa pamene pali dzanja langapa."

Kinga anatsitsa dzanja, tsitsi linagwera pamsana. "Munandiuza kuti ndi za m'magazi."

"Ndinakuuza. Mwina magazi analipo, sindikudziwa, ndipo palibe amene adzandiuze. Koma batani ndinkadina ndine."

Apa mtsikana anatembenuka. Sanalire, sanakuwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. "Ndiye bwanji simunatseke?"

Mayi Lucyna anawerama n'kutola chikwama chawo chija.

Kinga anabwerera kuseri kwa katani, anavula diresi, analipinda bwinobwino n'kuliika patebulo langa. "Ndikagona kwa anzanga," anauza ine, osati agogo ake. Anavala jekete n'kutuluka. Tinamuona pawindo akuyenda m'chipale muja, ndipo njira imene analowera ndi yomweyo yopita ku depoti. Ndi yomweyonso yopita kwa anzake ambiri, choncho sitinadziwe.

Mayi Lucyna anakhala pampando wanga. Kenako anati, "Ndibwerekeni sizasi."

"Iti?"

"Yaikuluyo."

Sizasi yodulira nsalu telala sabwereketsa, ngakhale kwa mwana wake wobereka. Pepala lokha limaibunthitsa. Koma ndinawayang'ana nkhope n'kuwapatsa, kenako ndinawatsatira. Anazula nthambo za mabedi onse awiri pakhoma n'kuyamba kuzidula. Nthambo zake zinali zonenepa ngati chala, ndipo anavutika nazo ndi manja onse awiri, atagwada pansi, akubuula. Ndinafuna kuwathandiza koma anandikankha ndi chigongono. Sizasi imeneyo sinadulenso nsalu, ndipo sindinawauze kuti andigulire ina.

M'mawa mwake anapala dzuwa lija pagalasi ndi lezala. Mwamuna wina anamva n'kubwera kuti agule mabedi, akuti nthambo n'zosavuta kulumikiza. Anamuthamangitsa ndi tsache, mabedi n'kuwapereka kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo anaima pomwepo mpaka ataona nyale zonse zitachotsedwa. Masiku ano m'sitolo muja amagulitsamo maluwa ndi makandulo a kumanda. Chaka chilichonse dansi ikamayandikira, namwino uja amawatenga kupita nawo kusukulu. Salankhula bwino, amasokoneza mawu, amangonyamula chithunzi cha Edyta n'kunena zaka zimene anayamba ndi zaka zimene anamwalira. Akuti m'kalasi simukhala woseka. Koma zimenezo ndi za pambuyo pake.

Masabata amenewo Kinga sanabwere kunyumba, foni ya agogo ake osayankha. Diresi anatuma Damian kudzatenga, ndipo nditamufunsa ngati mtsikanayo anapita kuseri kwa depoti, mnyamatayo anangofiira makutu n'kunena kuti iye za akazi sazidziwa. Ndinatsala pang'ono kumubaya ndi singano. Mayi Lucyna sankadya. Ankakhala m'sitolo yopanda kanthu ija, ndipo kuseri kwa khoma kunali chete moti ine ndinkalephera kusoka.

"Ndamuuza zoona, ndipo ndamutaya," anandiuza tsiku lina. "Zimenezo ndingapirire. Koma ngati wakagonamo pofuna kundikhaulitsa, ndiye kuti ndapha awiri."

Pa dansi ija makolo amaloledwa kulowa kudzaonerera gule woyamba, polonezi, kenako amawathamangitsa kuti ana asangalale okha. Mayi Lucyna sanaitanidwe, koma madzulo a tsikulo anagogoda pakhomo panga atavala chikhoti chawo cha kutchalitchi. "Ndiperekezeni, ndekha sindingathe kulowamo."

Tinaima kumbuyo kwenikweni kwa holo, pafupi ndi khomo, pakati pa makolo onyamula mafoni m'mwamba. Nyimbo inayamba, ana analowa awiriawiri atagwirana manja, akuyenda monyadira n'kumapinda bondo monga mwa gule wake. Madiresi ambiri ndinawazindikira, anali otuluka m'manja mwanga. Inadutsa misana yoderako, ina yofiirira ndi mafuta opaka a m'botolo, ina yopsa kumene moti ndinadziwa kuti kuseri kwa depoti malonda akuyenda. Mayi Lucyna ankasuzumira atanyanyamphira, zala zawo zitalowa m'mkono mwanga.

Kinga anali chakumapeto kwa mzere. Poyamba tinangoona diresi lakuda ndi nkhope yopakidwa, ndipo nkhope siuza munthu kanthu. Atafika pafupi nafe anawaona agogo ake. Sanamwetulire. Anangowayang'ana, kenako anatenga tsitsi lake, limene linali litagwera kumbuyo, n'kulikokera kutsogolo paphewa. Mzere unakhota, ndipo anatipatsa msana.

Unali woyera kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, timadontho tonse tili m'malo mwake.

Ndinamva thupi la mayi Lucyna likulemera pamkono wanga. Misozi inkatsika koma sankaipukuta, kuopa kuti angaphonye sitepe imodzi.

"Taonani, mayi Wanda," ananong'ona. "Edyta wanga ndi uyo."

Ine ndimakonza aliyense akalakwitsa, ngakhale ansembe. Apo sindinawakonze.